Nzeru zanu ndi katundu: kalembedwe ka kalata yofunsira ntchito ya ulangizi

Pa msika wa Katuli, monganso ku Namwera ndi ku Chiponde, pali amalonda amene katundu wawo wamkulu sali pa benchi koma ali m'mutu. Munthu wakhala akugula nandolo zaka khumi. Akaluma njere imodzi amadziwa ngati thumba lonse lauma kapena ayi. Amadziwa mwezi umene mtengo umagwa, amadziwa wogula wa ku Limbe amene amalipira tsiku lomwelo ndi amene amakuyendetsa masabata awiri, amadziwanso mwini lole amene sachedwa panjira. Makalabu a alimi, makopaletivi ndi magulu a banki mkhonde amazifuna nzeru zimenezi. Ambiri a ife timazipereka ulere patsinde pa mango, n'kubwerera kunyumba titanyamula "zikomo".

Ine zinandionekera chaka china. Komiti ya kalabu ina inandiitana kuti ndiwathandize kugulitsa nandolo wawo pamodzi. Ndinawauza zonse, mpaka nambala ya foni ya wogula. Tinasiyana pa mawu akuti "tidzakuonani". Nandolo anapita, ndalama zinabwera, koma ine sanandione. Nditafunsa, apampando anandiyankha mwaulemu: "Nanga achimwene, tinapangana zingati?" Ndinasowa chonena, chifukwa sitinapangane kanthu. Anthu aja sanandibere. Ndinadzibera ndekha posalemba.

Lero tikambirane za kalata imene ndinayenera kulemba, imene a m'mabungwe amaitcha propozo. Si kalata yofunsira ntchito ya pamwezi, ndipo si kotesheni. Kotesheni imanena mtengo wa katundu amene wogula akumudziwa kale. Kalata ya ulangizi imagulitsa chinthu chosaoneka ndi maso, choncho iyenera kuyankha mafunso anayi amene komiti iliyonse imakhala nawo mumtima: kodi munthuyu wamvetsa vuto lathu? Adzachita chiyani kwenikweni? Tidzamulipira zingati, ndipo liti? Nanga ife titsala ndi chiyani?

Musanagwire cholembera

Kalata yabwino imayambira pa mphasa, osati pa pepala. Pitani kaye mukakhale ndi anthuwo, mufunse ndi kumvetsera. Mamembala alipo angati? Aliyense akuyembekeza kukolola matumba angati? Chaka chatha anagulitsa kwa ndani, pa mtengo wanji, ndipo anadandaula chiyani? Ali ndi posungira? Ali ndi buku ku banki kapena ndalama amasunga msungichuma kunyumba? Mayankho muwalembe m'kope, makamaka manambala. Safunsa anadya phula.

Mudziwenso amene ali ndi mawu omaliza. M'magulu ena apampando amangotsogolera mkumano, koma amene anthu amamumvera ndi msungichuma, kapena amayi ena achikulire amene amakhala chete mpaka kumapeto. Magulu ambiri sachita kanthu osauza alangizi a zaulimi a ku EPA ya Katuli, ena amayamba apita kwa amfumu. Kalata mudzailembera komiti, koma polemba muziganizira onsewa, chifukwa idzadutsa m'manja mwawo.

Pa mkumano woyambawu gwirani pakamwa panu. Onetsani kuti ntchito mukuidziwa, koma mayina a ogula ndi manambala awo asungeni. Ndiwo katundu wanu.

Yambani ndi vuto lawo, osati mbiri yanu

Cholakwa chimene ambiri timachita ndi kudzaza tsamba loyamba ndi kudzitama: ndinayamba bizinesi chaka chakuti, ndine wokhulupirika, ndimadziwika Mangochi yense. Komiti ikawerenga zimenezo imayasamula. Ndime yoyamba inene vuto lawo, m'mawu amene iwo eni anakuuzani. Mwachitsanzo: "Munandiuza kuti chaka chatha aliyense anagulitsa payekha, kuti ambiri anagulitsa nandolo asanaumitsitse chifukwa chofuna ndalama msanga, ndiponso kuti simunakhutire ndi masikelo a ogula ena." Munthu akamva vuto lake likunenedwa ndendende, amakhulupirira kuti amene walembayo anamvetsera, ndipo amawerenga mpaka pansi.

Mbiri yanu ibwere pambuyo, mizere itatu basi: zaka zimene mwachita malondawa, misika imene mumafikako, ndi anthu awiri amene komiti ingawafunse za inu. Anthuwo muwapemphe kaye musanawatchule.

Ntchito yake ndi malire ake

Apa ndi pamene mikangano yambiri imabadwira. Mawu akuti "ndidzakuthandizani kupeza msika" alibe mutu kapena mchira. Kwa inu akutanthauza kuimba mafoni. Kwa iwo akutanthauza kuti mudzabwera ndi lole ndi ndalama m'manja. Choncho lembani ntchito zoti munthu angathe kuziwerenga ndi zala, ndipo iliyonse ikhale ndi nthawi yake. Kuphunzitsa kasankhidwe ndi kaumitsidwe ka mbewu, masiku awiri. Kuyang'anira kuyeza ndi kulemba makilogalamu a membala aliyense m'kaundula, masiku atatu. Kubweretsa mitengo ya ogula atatu kuti komiti isankhepo. Kuperekeza katundu pamodzi ndi mamembala awiri mpaka ndalama zitalowa.

Kenaka lembani zimene simudzachita. Simudzasunga ndalama za gulu. Simudzalipira thiransipoti kuchokera m'thumba mwanu. Simudzasankhira komiti wogula. Lembaninso zimene gulu liyenera kuchita, monga kugula matumba, kupeza posungira ndi kusonkhanitsa mbewu pofika tsiku lakuti. Ndime imeneyi imaoneka ngati yowuma mtima, koma ndi imene imasunga chibale. Katundu akachedwa chifukwa mamembala sanabweretse matumba, pepala lidzanena lokha kuti udindo unali wa yani.

Masamu aonekere poyera

Alimi sagula mawu okoma, amagula kusiyana kwa ndalama. Kalata yanu isonyeze kusiyanako, ndipo musabise zowonongeka. Tiyerekeze motere. Manambala awa ndi ongophunzirira, inu mudzaikemo mitengo ya sabata imene mukulembayo.

Kalabu ili ndi mamembala 40, aliyense matumba 5 a makilogalamu 50. Onse pamodzi ndi matumba 200, kapena makilogalamu 10,000. Akagulitsa pakhomo pa K800 pa kilogalamu, apeza K8,000,000. Wogula wa m'tauni akupereka K1,000, koma akufuna nandolo wosankhidwa bwino. Posankha pachoke makilogalamu 300 a zinyalala ndi njere zofumbwa, patsale 9,700. Ndalama zake ndi K9,700,000. Kusiyana ndi K1,700,000. Tichotsepo K900,000 ya lole, matumba, onyamula ndi ulendo wa operekeza. Patsala K800,000. Malipiro anu akhale K60,000 ya maphunziro ndi K15 pa kilogalamu iliyonse yogulitsidwa, imene ikukwana K145,500, zonse pamodzi K205,500. Gulu latsala ndi K594,500 yoonjezera pa zimene likadapeza pakhomo, pafupifupi K14,860 membala aliyense.

Taonani zimene masamuwa achita. Malipiro anu sakuonekanso ngati ndalama yotayika, akuoneka ngati gawo la phindu limene popanda inu silikadabwera. Komanso masamu omwewa amakutetezani inuyo. Mukawerengera n'kupeza kuti thiransipoti idya phindu lonse, auzeni chilungamo kuti chaka chino kuli bwino agulitsire pafupi. Mudzataya ntchito imodzi, koma chaka chamawa adzakufunani okha.

Mtengo wanu ndi kalipiridwe

Pali njira zitatu. Yoyamba ndi mtengo umodzi wa ntchito yonse. Ndi yosavuta kumva, koma ntchito ikatalika mumaluza ndinu. Yachiwiri ndi komishoni yokha, ndalama yakuti pa kilogalamu. Alimi amaikonda chifukwa salipira kanthu poyamba, koma komiti ikasintha maganizo pakati panjira, masiku anu onse apita pachabe. Yachitatu ndi kuphatikiza, monga m'chitsanzo chija: kandalama kochepa koyambira, kenaka komishoni katundu akagulitsidwa. Kwa ife amalonda ang'onoang'ono yachitatuyi ndiyo yabwino, chifukwa mbali zonse ziwiri zaikapo kanthu ndipo palibe amene angachoke mosavuta.

Powerengera mtengo musaiwale tsiku limene mwatseka benchi yanu. Ngati pa tsiku la msika mumapeza phindu lakutilakuti, tsiku limene mwapita kukaphunzitsa lisachepere pamenepo. Onjezani kabaza, mayunitsi ndi chakudya cha panjira.

Lembani tsiku lolipira, osati "tikagulitsa" chabe. Nenani kuti ndalama yoyamba iperekedwe tsiku losainirana, yotsala pasanathe masiku atatu wogula atalipira. Nenaninso njira yake. Airtel Money ndi TNM Mpamba zimasiya uthenga umene ndi umboni, koma gwirizanani amene alipire ndalama yotapira. Zikakhala za pamanja, lisiti ilembedwe ndipo pakhale mboni.

Ikani malire a nthawi imene mtengo wanu ukugwira ntchito, monga masiku 14. Tonse tikukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene anali atalonjeza mitengo ya lole ndi matumba popanda malire a nthawi anagwira ntchito yolipira okha. Kuno kumalire tchulaninso kuti ndalama zake ndi makwacha. Ngati gulu kapena wogula ali mbali ya Mandimba ndipo nkhani ya metikali ingalowepo, gwirizanani kasinthidwe kake papepala, osati pa tsiku lolipira.

Chinthu china cha kwathu kuno: ambiri mwa anthu amene mudzagwire nawo ntchito ndi Asilamu, ndipo chiwongoladzanja chipembedzo chawo sichilola. Mawu akuti "mukachedwa kulipira ndalama idzabereka" angaphe kalata yonse. Kuli bwino kulemba kuti gawo lotsatira la ntchito lidzayamba gawo loyamba likalipiridwa.

Zosalonjeza ndi zosabisa

Musalonjeze mtengo wa mbewu. Mtengo wa nandolo sumangidwa ku Katuli kapena ku Limbe, umatsatira msika wa ku India, kumene nandolo wathu wambiri amapita. Mu Ogasiti 2017 dziko la India linaika malire pa nandolo wolowa m'dzikomo, ndipo kuno mtengo unagwa mpaka alimi ena anangomusunga m'nyumba kusowa wogula. Mu 2021 Malawi ndi India anasainirana mgwirizano wolola matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Zonse ziwirizi zinachitikira kutali, ndipo palibe wamalonda wa kuno amene akadazisintha. Inu lonjezani zimene zili m'manja mwanu: mbewu yosankhidwa bwino, kuyeza koona, mitengo ya ogula atatu. Mukafuna poyambira pokambirana mitengo, tchulani mitengo yoyambira imene Unduna wa Zamalimidwe umalengeza chaka ndi chaka, koma nenani poyera kuti msika umatha kupita pamwamba kapena pansi pake.

Pa nkhani ya kuyeza, lembani kuti mudzagwiritsa ntchito sikelo yoyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards, ndipo kuti membala aliyense adzaona yekha muvi wa sikelo thumba lake likamayezedwa. Kwa mlimi amene anapwetekedwapo ndi sikelo yobera, mzere umodzi umenewu umaposa tsamba lonse la malonjezo.

Ndipo pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kubisa. Ngati inunso mumagula mbewu yomweyo, kapena wogula wina amakupatsani kangachepe mukamubweretsera katundu, lembani. Mlangizi amene akudya mbali ziwiri mobisa salinso mlangizi, ndi venda wovala jekete. Kwathu kuno nkhani siigona, tsiku lina idzamveka, ndipo simudzaitanidwanso ndi gulu lililonse kuyambira ku Katuli mpaka ku Boma. Njira yoyera ndi kulemba kuti pa katundu wa gululi inu simudzagulako ndipo simudzalandira kanthu kwa wogula.

Chitsanzo chachidule

Pamwamba lembani dzina lanu, mudzi, nambala ya foni ndi tsiku. Kenaka motere:

"Kwa Apampando ndi Komiti,

PEMPHO LOTHANDIZA GULU LANU KUGULITSA NANDOLO PAMODZI

Zikomo pondilandira pa mkumano wanu. Munandifotokozera kuti muli mamembala 40, mukuyembekeza matumba 200, ndipo chaka chatha munagulitsa aliyense payekha pa mtengo umene simunakondwe nawo.

Ndikupempha kugwira nanu ntchito izi. Choyamba, kuphunzitsa kasankhidwe ndi kaumitsidwe, masiku awiri. Chachiwiri, kuyang'anira kuyeza ndi kulemba kaundula, masiku atatu. Chachitatu, kukubweretserani mitengo ya ogula atatu pasanathe sabata imodzi katundu atasonkhana. Chachinayi, kuperekeza katundu ndi mamembala awiri amene mudzasankhe.

Ine sindidzasunga ndalama za gulu, sindidzagulako nandolo wanu, ndipo sindidzalandira kanthu kwa wogula. Wogula mudzasankha ndinu. Gulu lidzagula matumba, lidzalipira lole, ndipo lidzasonkhanitsa katundu pa tsiku limene tigwirizane.

Malipiro anga ndi K60,000 tsiku losainirana, ndi K15 pa kilogalamu yogulitsidwa, pasanathe masiku atatu wogula atalipira. Gulu likagulitsa kwa wogula amene ndabweretsa ine m'nyengo ino, malipirowa adzaperekedwa ngakhale nditapanda kuperekeza katundu. Masamu onse ali pa tsamba lachiwiri. Mtengo wa pamsika sindingaulonjeze. Pempholi likhala masiku 14.

Mukavomera, tisainirane pamaso pa mboni ziwiri."

Onani chiganizo chonena za wogula amene mwabweretsa inu. Chikadakhalapo chaka chija, apampando sakadandifunsa kuti tinapangana zingati.

Kalata yonse isapitirire masamba awiri. Ngati dzanja lanu limawerengeka, yolemba pamanja ndi yokwanira ku kalabu. Mukataipitsa, werengani musanalipire, chifukwa ziro mmodzi wosowa pa mtengo ndi mlandu. Pangani makope awiri, ina yanu ina yawo, ndipo muijambule pa foni.

Ngati mukulembera bungwe, sukulu kapena malo ogona alendo

Mafupa a kalata ndi omwewo, kaya mukulembera bungwe limene likufuna wophunzitsa magulu a amayi kawerengedwe ka phindu, kaya malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja amene akufuna wowalumikiza ndi alimi a ndiwo zamasamba. Chosiyana ndi mapepala. Ambiri adzafuna satifiketi ya kalembera wa bizinesi, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, ndi buku la ku banki la dzina la bizinesiyo. Ntchito za boma, monga za ku khonsolo, zimatsata malamulo a kagulidwe amene amayang'anira ndi a PPDA, ndipo wofuna kugulitsa kuboma amayenera kulembetsa kumeneko. Funsaninso ngati adzadula msonkho pa malipiro anu asanakupatseni. Akatero akupatseni chikalata chosonyeza kuti msonkhowo wadulidwa, ndipo inu muuwerengere popanga mtengo kuti musadzadabwe ndalama itabwera yoperewera.

Mabungwe ambiri amafuna Chingerezi. Lembani kaye m'Chichewa kuti maganizo akhale anu, kenaka wina akumasulireni, ndipo akuwerengereni mzere ndi mzere musanasaine. Akakupatsani fomu yawo kapena mndandanda wa zimene akufuna, tsatirani ndondomeko yawo ndendende ndipo musaphonye tsiku lotsekera. Wina akakuuzani kuti muyambe mwapereka kenakake kuti kalata yanu iyende, tengani kalata yanu muzipita.

Mukamaliza kulemba

Kalata musaitumize ndi mwana. Pitani nayo nokha, mupemphe mphindi zochepa pa mkumano wa gulu, muiwerenge mokweza. M'makomiti ambiri kuno muli anthu amene sawerenga, ndipo ambiri amamva bwino Chiyao kuposa Chichewa. Ngati Chiyao chanu n'choperewera, tengani womasulira amene gulu limamukhulupirira. Masamu muwalembe pa bolodi kapena pansi kuti aliyense aone. Posankha tsiku pewani Lachisanu masana, nthawi ya mapemphero ku mzikiti, ndiponso tsiku la msika.

Akanena kuti mtengo wakwera, musathamangire kutsitsa. Funsani ntchito imene angaichite okha, muichotse pamodzi ndi mtengo wake. Mukangotsitsa popanda kuchotsa kanthu, adzaganiza kuti poyamba mumafuna kuwabera. Musanachoke funsani tsiku limene adzakuyankheni, ndipo tsikulo likafika imbani foni kamodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akakana, thokozani, mufunse chifukwa chake, ndipo kope yanu muisunge. Nyengo ikubwerayi mudzangosintha manambala ndi dzina la gulu.  Amene muli ndi gulu m'maganizo, pitani mukamvetsere sabata ino, kope ili m'manja.